Situdiyo Yopanda Phokoso

Collins anali atangodina batani lojambulira pamene nyundo inayambanso. Nge! Nge-nge! Nge!

Anavula mahedifoni n'kuwaponya pamatiresi.

Kuseri kwa khoma, m'kashedi ka malata, Abambo Bwanali ankakhoma zidebe ndi mbaula zokagulitsa kumsika wa Kawale. Iwo ndi Collins ankachita lendi papuloti imodzi, ndipo chidani chawo chinkakula limodzi ndi situdiyo ya m'chipinda cha Collins.

Mu 1994 situdiyoyo inali wailesi ya makaseti awiri ndi kakiyibodi kogula pakaunjika basi. Collins ankajambula ng'oma za m'kiyibodi pakaseti imodzi, kenako n'kuiliza uku akuimba ndi kujambula pa inzake. Nyundo inkalowa monse muwiri. Chaka chotsatira anagula mikisa yosakanizira mawu ndi maikolofoni yabwino, koma maikolofoniyo inkatola nyundo kuposa yakale. Anakhomerera mathileyi a mazira m'makoma monse, zenera n'kulitseka ndi bulangete. Sizinathandize.

Chomwe chinkamuwawa kwambiri n'chakuti nyundoyo sinkagunda chisawawa. Ng'oma zikayamba, inkazitsatira. Akafulumizitsa nyimbo, nayo inkafulumira.

Tsiku loponya mahedifonilo, Collins anatuluka atalusa.

"Abambo, mumachitira dala! Mukundinyoza!"

"Ndiye ana anga adye kiyibodi yakoyo?" anatero Abambo Bwanali osadzutsa mutu. "Ndinayamba kukhoma pano iwe usanamere ndevu. Katseke makutu ndi mathileyi akowo."

"Muona. Pano muchokapo."

Mlungu womwewo Collins anakapereka nyimbo imodzi kwa Abambo Laws, amene ankachulukitsa makaseti n'kumagulitsa m'tauni. Popanda iwo, nyimbo zake zikanathera m'chipinda momwemo. Anaipereka mwamanyazi chifukwa nyundo inkamveka m'nyimbomo, n'kulonjeza kuti zabwinobwino zikubwera.

Kenako anayamba nkhondo. Anauza eni puloti kuti zidutswa za malata zikucheka ana m'mapazi. Anasonkhezera amayi oyandikana nawo kuti phokoso likudwalitsa makanda. Mwezi usanathe, Abambo Bwanali anapakira nyundo zawo ndi chitsulo chanjanji chokhomerapo pawilibala. Analavula malovu pakhomo pa Collins n'kumapita, osauza aliyense komwe alowere.

Papuloti panagwa bata. Collins anajambulanso nyimbo zake zonse pamwamba pa makaseti akale aja, mpaka sipanatsale nge ngakhale mmodzi. Ng'oma zinkamveka bwino, mawu ali mbee. Situdiyo inali itakhala situdiyo tsopano.

Loweruka masana Abambo Laws anafika okha mpaka kuchipindako. Collins anawakhazika pamatiresi, n'kuliza kaseti yatsopano atapinda manja monyadira.

Nyimbo isanafike pakati, Abambo Laws anadina batani n'kuizimitsa.

"Zimenezi ndili nazo katoni yodzaza, achimwene. Mnyamata aliyense wa kiyibodi mu Lilongwe muno akundibweretsera zomwezi," anatero. "Ine ndabwerera nyimbo khumi zokhala ndi chitsulo chija cha m'kaseti yoyamba. Nge! Nge-nge! Woimba chitsulo uja ali kuti? Kamuitaneni."

Collins anayang'ana khoma la mathileyi. Kuseri kwake kunali zii.