Kapu ya Agafya

Kwathu chidebe cha madzi sichigona chosavundikira. Atate amati ziwanda zimasambamo. Tsiku limenelo ndinakumbukira zochivundikira kutada kale, ndiye ndinatuluka ndi nyali.

Pambali pa chidebecho ndinapeza mkulu wanga Agafya akupesa tsitsi. Chaka chatha Atate anamupirikitsa chifukwa chomwera kapu imodzi ndi mwamuna wa mpingo wina, zomwe mpingo wathu umaletsa. Kapu yake anaiphwanya ndi nyundo, n'kumuimbira nyimbo zamaliro ali moyo.

"Fenya iwe, wanenepatu ngati tsekwe wa pa Khirisimasi!"

"Achemwali! Mwabwera pa chiyani? Boti lochokera ku tawuni ya Tulcea linadutsa masana."

"Mafunso ngati wansembe. Tandipatsa madzi."

Anamwera m'manja mwanga, tikuseka chamumtima kuopa Atate. Tsitsi lake linkadontha, chonsecho mvula inali isanagwe mwezi wonse. Anandipsompsona pachipumi, n'kulowera kumabango a kumtsinje.

Ndinavundikira chidebe, n'kubwerera ndekha ndikung'ung'udza kanyimbo.

Nditafika pakhomo, Atate anadzutsa maso pa buku lamapemphero. Anayang'ana kuseri kwa phewa langa, namwetulira koyamba chaka chonsecho.

"Lowani nonse, ana anga, kunjaku kwazizira."

Patebulo panali kapu ya Agafya, yopanda ndi mng'alu womwe.