Madala a ku Migodi Amene Kompyuta Inati Sanabadwe

Panali munthu wina ku Tsangano, mayi Esnath, mlembi wa bungwe la madala amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Mayina ndi masiku obadwa a madalawo ankawasunga m'kompyuta komanso m'mabuku.

Tsiku lina wapampando, a Raymond, anabwera ndi mlendo wa tayi amene anaika pulogalamu yokopera zonse pa fulashi.

"Apampando, tiyese kaye kubwezeretsa zimene takoperazi, tione ngati zikubwerera bwino," anatero Esnath.

"Mayi, mukufuna kuphunzitsa katswiri? Mabukuwo ndapatsa kale wa chipisi azikulungira," anayankha a Raymond.

Esnath sanakangane nawo. Anapita kwa wa chipisi uja n'kuwombola mabukuwo ndi thumba lake la mbatatesi. Anthu anamuseka mpaka misozi.

Patapita miyezi inayi, kompyuta inapsa. Sabata yomweyo kunkabwera madokotala odzayeza chifuwa, ndipo anati ayeza okhawo opitirira zaka 60 amene ali pa mndandanda wa bungwe. A Yoramu, mmodzi wa madalawo, amene ankatsokomola magazi, ankadikira tsikulo ngati mvula.

Atabwezeretsa za pa fulashi m'kompyuta ina, mutu unaima. A Yoramu, obadwa mu 1952, zinkaonetsa kuti adzabadwa mu 2088! Kompyuta yakale ija inkawerenga nthawi kuyambira 1970, ndipo masiku a kumbuyo kwake inkawasunga ngati nambala zotsika pansi pa ziro. Pulogalamu ya mlendo sinkadziwa nambala zotere, choncho inazisandutsa zikuluzikulu. Madala onse anagwa pa mndandanda, popeza ankaoneka ngati sanabadwe. Foni ya katswiri? Yozima.

A Raymond anapita kwa Esnath mwamanyazi. Esnath sanawanyoze ngakhale pang'ono. Anangotulutsa mabuku aja, n'kukhala pansi masiku awiri akulemba dzina limodzilimodzi. Mayi ameneyu ndi wamtima, abale.

Lachisanu madala onse anayezedwa. A Yoramu anapezeka ndi TB ndipo anayamba mankhwala tsiku lomwelo. Dokotala anati akanachedwa mwezi wina, kukanakhala maliro.

Potuluka, a Yoramu anagwira dzanja la Esnath, misozi ili chuchuchu.

"Mwana wanga, pakanapanda inu, bwenzi adzukulu anga akundilira."

Phunziro: Zokopera zimene simunayese kubwezeretsa musamazikhulupirire, makamaka ngati muli masiku akale kapena nambala zotsika pansi pa ziro. Ndipo wofunsa mafunso pa ntchito musamamutseke pakamwa. Tumizirani alembi ndi apampando onse amene mukuwadziwa.