Madontho 42 pa Mphindi

Sista Dorica anayang'ana wotchi ya pachifuwa pake nawerenganso. Madontho 21 pa mphindi. Mtima unamuwira.

Iye masamu sankaphonya, ndipo aliyense pa kachipatala ka mishoni kaja, kufupi ndi Nsanama, ankadziwa zimenezo. Dokotala analemba kuti botolo la kwinini liyende maola anayi, kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko. Botolo linali la mamililita 500. Paipi ya diripi iliyonse imene anaigwirapo chiyambire ntchito inkatulutsa madontho 20 pa mililita. Kuchulukitsa, kenako kugawa ndi mphindi 240, yankho 42. Anali atatchera yekha 42 ndi chala chake pa kagudumu ka paipi. Nanga 21 wachokera kuti? Komanso aka kanali kachiwiri m'mawa womwewo!

Tsikulo linayamba moipa kale. Nesi mnzake anali atatengedwa pa lole kukavina ku msonkhano wa chipani ku Balaka, mawodi awiri n'kutsalira iye yekha. Mapaipi anali atatha, moti anachita kutsegula katoni ya mphatso zochokera kunja, n'kung'amba pepala la paipi akuthamanga, n'kulifwatika m'thumba la yunifomu momwe munali sizasi.

Pabedi panagona Nafisa, mtsikana woti malungo anamukwera kumutu. Mankhwala akachedwa, malungo amutenga. Akathamanga, kwinini amaimitsa mtima. Pakati pa ziwirizi panali masamu a Dorica basi, ndiye wina aziseweretsa?

Wina wakeyo sanali wochita kufunafuna. Che Uladi, bambo ake a Nafisa, msodzi wa ku Chiuta, anali khale pansi m'mbali mwa bedi ndi kofia yawo yoyera. Masiku awiri athunthu maso awo ankangoyenda kuchoka pa botolo kupita pa wotchi ya pakhoma, kuchoka pa wotchi kubwerera pa botolo. Lero anafika poipa. Pa botolo panali mizere itatu ya makala, yotalikirana mofanana.

"Izi ndiye ziti? Zithumwa m'wodi yanga?"

"Iyayi, asista. Kungoti madonthowa..."

"Madontho atani? Munapita kusukulu yake inu? Pano si padooko pogawana nsomba. Mukakhudzanso muona!"

Anafufuta mizereyo ndi thonje, nabwezera 42, natuluka. Koma sanapite patali. Anaima kuseri kwa chitseko, ndipo mphindi ziwiri sizinathe. Dzanja lokhakhala la Che Uladi linakwera pang'onopang'ono, chala chachikulu n'kukankha kagudumu.

Dorica analowa ngati mphepo nalimenya dzanjalo, phaa! Mayi wa pabedi loyandikana anabisa nkhope m'chitenje, poti kumenya munthu wa imvi si chinthu choonerera. Dorica analibe nazo ntchito. Anthu a mtundu umenewu ankawadziwa: amabwera ndi wodwala atatheratu, amasokoneza mankhwala, maliro akachitika ati nesi ndiye wapha.

"Mukufuna kupha mwana wanu yemwe? Tulukani!"

"Mwana wanga sindimusiya, mama. Tamvani kaye, madontho a lero..."

Mawu amenewo Dorica anawadula ndi chitseko, nalunjika kugeti. Pageti panali Bizwick, wa yufi wa malaya ofiira, amene ntchito yake inali kufunsa makadi a chipani. Dorica ankadziwa kuti mkuluyo analibe khadi, popeza iye mwini ndiye anamulowetsera kuseri dzana, chifukwa cha chisoni. Chisonicho lero chinali chitatha.

"A Bizwick, muli munthu umu wopanda khadi."

Sanachite kubwereza. Che Uladi anakokedwa ndi mkanjo, nkhwaira imodzi n'kutsala pakhomo. Sanalimbane. Ankangocheukira botolo, akufuula mpaka pageti: "Maola anayi! Adokotala anati maola anayi!"

"Ndi amene ndikuwerengawo, agogo," anatero Dorica chamumtima.

Wotchi inali pa 10 koloko. Anatchera 42, nawerenga kawiri kuti atsimikize, nakulunga kagudumu ndi pulasitala mpaka kosaoneka. Tsopano aone amene angakhudze. Anapita ku wodi ya amayi oyembekezera komwe wina anali atayamba kubuula, mtima uli m'malo koyamba tsiku limenelo.

Anabwerako 11 koloko itapitirira pang'ono, akupukuta manja. Anaima pakhomo. Botolo loyenera kufika 1 koloko linali litatsala kadontho kumunsi. Nafisa anali thukuta lokhalokha, milomo itayera, ndipo mtsempha wa padzanja unkagunda modukizadukiza ngati ukuchokera kutali.

"Yabweranso nkhalamba ija!" anakuwa. "Ndani wamulowetsa?"

"Sikunabwere munthu, asista," anayankha mayi wa pabedi loyandikana uja.

Zoonadi, pulasitala anali momwe anamusiyira. Anaponya maso pa wotchi, milomo ikuwerenga yokha. Madontho 42, ndendende, osaphonya ngakhale limodzi. Anapinda paipi ndi dzanja limodzi kuti madzi aime, linalo n'kulowa m'thumba kufuna sizasi yodulira pulasitala. Sizasi inatuluka pamodzi ndi pepala lija analing'amba m'mawa.

Pakona pake panalembedwa timalemba tofiira: madontho 10 pa mililita. Madontho a paipi yatsopanoyi anali onenepa kawiri kuposa akale. Masamu anadzichita okha m'mutu mwake, ndipo yankho linali 21.