Mpira Sunatuluke

Mphindi ya 90 itakwana, Gash Wondwosen anaima pamzere atavula kale jekete. Anasewera pakati zaka 19 m'timu yathu yokhayi ya ku Dire Dawa, ndipo lero ankatsazika. Mphunzitsi anawasungira mphindi yomaliza kuti alowe, anthu awaombere m'manja.

Koma wosewera salowa mpira usanatuluke, ndipo mpirawo unali paphazi langa.

"Menyera kunja, Biruk! Kunja, iwe!" anakuwa mphunzitsi.

Kumva ndinamva. Koma kuyambira pomwe ndinafika m'timuyi, Gash ankandikoka khutu ndikangotaya mpira. "Mwana wanga, mpira ndi mlendo, sitithamangitsa." Phazi linangochita zomwe linazolowera. Ndinapatsira mnzanga Dawit, iye anabweza, ine n'kutembenuka nawo bwinobwino.

Woimbira analiza wezulo. Masewero anathera pompo.

Munthu amene anakana matimu a ku Cairo kawiri konse chifukwa cha bwalo lafumbi limeneli anangoti njo, nsonga za nsapato zili pamzere woyera.

Ndinapita nditawerama. "Gash, pepani."

Anatola jekete yawo pansi n'kuikutumula.

"Watembenuka bwino pajapa," anatero. "Anakuphunzitsa ndani?"