Kompyuta Yaulesi ya pa Kiliniki

Mtsikana wa pa zenera analemba dzina lina mu kompyuta, n'kupindanso manja kudikira. Patsogolo pa Ngosa panali anthu asanu ndi awiri, nthawi ili 11:20. Loweruka dokotala wa pa kiliniki yaing'ono ya m'dera la Kanyama imeneyi ankaweruka 12 koloko, ndipo wodwala sankalowa fayilo yake isanatuluke mu kompyuta.

Amayi ake a Ngosa anali pa benchi atatsamira khoma, maso ali chitsekere. Shuga anali atakwera kuyambira Lachitatu. Amayiwo anali atamuimbira Ngosa foni kanayi, iye n'kumangoti abwera mawa, ntchito yachuluka. Mawa lakelo linakhala Loweruka, ndipo anawapeza akulephera ngakhale kumanga chitenje. Mtima unkamutsutsa koopsa. Chisamukireni kupita ku nyumba ya geti kum'mawa kwa tauni, kwawo ankangopitako ngati mlendo, ndipo manyazi ake anawamva lero.

"Ngosa, mutu uzunguluka," anatero amayi ake motsitsa mawu.

"Limbani mtima, ba mayo. Manje manje tizangena."

Ankanama, ndipo ankadziwa. Dzina limodzi linkatenga mphindi zisanu ndi imodzi. Masamu ake sankafuna sukulu.

Munthu akamadziimba mlandu amafuna wina woti amugawireko, ndipo Ngosa sanachedwe kumupeza. Anali mtsikana yemwe uja, wa baji yolembedwa kuti Inonge. Anthu oterewa Ngosa ankati amawadziwa bwino, pajatu makompyuta ndiyo inali ntchito yake. Amadzaza makina a pa ntchito ndi nyimbo, mafilimu ndi zithunzi za maukwati, akatero n'kumanamizira netiweki uku odwala akukomoka pa mzere. Anachoka pamalo pake n'kupita pa zenera.

"Ba sister, ba mayo badwala maningi. Simungalembe chabe pa pepala?"

"Sibavomeleza, ba boss," anayankha Inonge. "Ba dokota bafuna kuona mankhwala yamene munthu anapasiwa kale, na yonse yali umu."

"Ine nisebenza na makompyuta. Mwaizaza vinthu vilibe nchito iyi. Nioneko."

Anthu a pa mzere anang'ung'udza momuvomereza. Inonge sanatsutse. Anamutsegulira kachitseko ka m'mbali n'kumusiyira mpando, nkhope yake ili ya munthu amene watukwanidwa kuyambira m'mawa.

Ngosa anayamba ndi kufufuza nyimbo zija. Munalibe. Mafilimu munalibe, zithunzi munalibe. Kompyutayo inali yakale ndithu, yonga zimene zimagulitsidwa zogwiritsidwapo kale ntchito m'masitolo a ku Kamwala, koma chilichonse chochotseka Inonge anali atachotsa kuti ipepuke. Komabe inkalira ngati chigayo. Pulogalamu yotseguka inali imodzi yokha, ya mafayilo a odwala. Ngosa ataibweretsa pamaso, anaizindikira nthawi yomweyo.

"Mwaona ka?" anatero Inonge. "Nikalemba zina imozi, iyamba kudonsa mafayilo ya bantu bonse na vithunzi vao, elo ndiye ionesa wamene nifuna. Bantu baganiza ni ulesi wanga."

Nesi anasuzumira pakhomo n'kunena kuti dokotala aona anthu awiri okha basi. Ngosa anali chikhalire, manja ali pa mawondo.

"Uja anapanga pulogalamu iyi tinamulembela katatu," anapitiriza Inonge. "Tinamupempha abwele aone chabe mwamene tivutikila kuno. Anatiyankha ati pa kompyuta yake isebenza bwino. Yembekezani nikuoneseni."

Ngosa sanafunikire kuliona yankholo. Analilemba yekha mwezi wa Febuluwale, pa laputopu yatsopano ya ku ofesi imene inkatsegula fayilo m'kuphethira kwa diso, ndipo dandaulolo analitseka ngati nkhani yatha, tiyi wake asanazizire.

Pa benchi paja amayi ake anatsegula maso n'kukodola mayi amene anakhala nawo pafupi. "Osadandaula," anatero. "Uyo ni mwana wanga, azatikonzela."