Chikwama cha Tione

Nomsa anali atazungulira kale maokala atatu pamsika wa Mbamba osagula kanthu. Pa okala yachinayi anaima chifukwa miyendo inali itatopa basi.

Pa Likoma anali atakhalapo masabata atatu okha. Cyprian anamukwatira ku Mzuzu n'kubwera naye pa sitima, ndipo patangotha masiku asanu bamboyo anabwerera kumtunda kukagulitsa usipa. Anamusiya ku Yofu m'nyumba ya zipinda ziwiri pamodzi ndi mwana wake wamkazi, Tione, wa zaka khumi ndi chimodzi. Za mayi a mwanayo Cyprian ananenapo kamodzi kokha: "Anatisiya Tione ali ndi zaka zinayi." Nomsa anangoti pepani, sanafune kutokosa chilonda.

Tione sanali mwana wamwano. Ankatunga madzi, ankasesa, akaitanidwa ankagwada. Koma tsiku linkatha asanalankhule mawu okwana khumi, ndipo ankadya atayang'ana kukhoma. Kunyanja nako, Nomsa akangofika ndi beseni la zochapa, azimayi ankadula nkhani n'kuyamba kupikicha zovala mwamphamvu. Masiku ena ankadzipeza akulankhula ndi nkhuku m'Chitumbuka.

Loweruka likubweralo linali tsiku lobadwa la Tione. Nomsa anaziona yekha m'buku la kuchipatala la mwanayo. Ndiye anayenda wapansi kuchokera ku Yofu, mwera ukumuthira mchenga m'maso, kuti akapeze kanthu koti mwina kangamumasule mwanayo pakamwa.

Mwini okala anali mayi wowonda, wosachedwa kutsitsa maso. Dzina lake linalembedwa ndi penti pamwamba pa zenera: Frances. Nomsa analoza diresi ya pinki imene inapachikidwa pamsomali.

"Ndi ya ndani?" anafunsa Frances.

"Ya mwana wanga. Mwana wa amuna anga, a Cyprian a ku Yofu."

Frances anapukusa mutu. "Imeneyi ayi. Msinkhu umenewu thupi limakhala likusintha, zothina pachifuwa amachita nazo manyazi. Adzakuthokozani, koma sadzavala."

Nomsa anatola kachidole ka tsitsi lalitali. Frances anati zimenezo anazipitirira kalekale. Anatola ndolo, Frances anati mwanayo sanabooledwe makutu. Nomsa anaseka, kuseka kwake koyamba chifikireni pachilumbapo. Anaganiza kuti malo aang'ono ngati ano wamalonda amadziwa mwana wa khomo lililonse.

"Ndiye mundisankhire ndinu, asisi. Ine ndalephera. Mwana wamasiye ndi wovuta kumulowa mumtima."

Frances anakwera pampando n'kutsitsa chikwama cha kusukulu chabuluu chimene chinali pamwamba penipeni, chokutidwa ndi pulasitiki kuti chisagwire fumbi. Anatsegula zipi n'kumuonetsa kathumba kobisika m'kati.

"Mtsikana akamakula amafuna pobisa tinthu take. Ichi amachiyang'ana nthawi zonse akamadutsa. Amaima tsidya lija la msewu, pansi pa mlambe, koma pano safika. Chimene ali nacho chinaduka lamba, amachinyamula chokumbatira."

Nomsa anachita manyazi. Lamba wodukayo ankamuona m'mawa uliwonse, koma sanamuikepo maganizo.

"Ndipo musamupatse pamanja," anapitiriza Frances. "Mukachiike pamphasa pake, achipeze yekha. Munthu akamamuyang'ana amauma. Ndi mmene alili kuyambira ali wamng'ono."

Nomsa analipira. Frances anakulunga chikwamacho m'nyuzipepala mosamala, n'kumanga ndi chingwe kawiri, ndipo anachedwa kuchisiya. Mtima wa Nomsa unapepuka. Anati mwina wapeza mnzake woyamba pa Likoma, woti Lamulungu azikhala naye benchi imodzi kutchalitchi.

"Mwandithandiza kwambiri, asisi. Ndikamuuza Tione kuti munasankha ndinu, adzabwere kudzathokoza."

Frances anamugwira dzanja mofulumira.

"Chonde, dzina langa musakalitchule, angachitaye m'nyanja. Ndinapita ku Joni ali ndi zaka zinayi, ndabwera chaka chatha. Chilichonse chochokera kwa mayi ake salandira."