Mbewu Zopanda Kamba

Chaka chachitatu cha lamulo la njere, Felesiya anabwerako kudepoti atanyamula kabotolo m'malo mwa thumba. Chimanga chonse cha m'mudzi chinkapita kumakina. Makinawo ankachotsa choyera cha m'kati mwa njere, chija chimasanduka ufa, n'kuchitumiza kumzinda. Alimi ankabwezeredwa gaga woti adye ndi kabotolo ka timitima ta njerezo toti adzale.

Koma kamtima kopanda choyera chake kalibe chakudya chomerera. Choncho Felesiya anayala timitimato pansalu yonyowa m'lichero, n'kumatidonthezera madzi a shuga m'mawa uliwonse kuti titulutse mizu.

Tsiku lachinayi shuga anatha. Mwamuna wake Yotamu, yemwe chifuwa chinali chitamugoneka miyezi iwiri, anamupeza akusungunula uchi wotsala, womwe unali mankhwala ake okhawo.

"Amayi, uchiwo mukupatsa mbewu?"

"Zikapanda kumera tidya chiyani, abambo?"

Yotamu anakhosomola kwa nthawi yaitali. "Thirani wonse," anatero.

Felesiya anadzala mapando mazana atatu, ndipo mvula inagwa bwino. Patatha sabata anayenda m'mizere yonse, napeza kuti zamera mbewu khumi ndi ziwiri zokha. Atafukula phando lina ndi chala, anapeza mphukira yoyera itapindika, itafa isanaboole dothi. Anaikwiriranso.

Atafika kunyumba, Yotamu anadzuka pamphasa movutikira.

"Zamera? Ndikachira ndidzakuthandizani kupalira."

Felesiya anatsamiritsa khasu pakhoma.

"Pumulani, abambo. Ndi ntchito ya munthu mmodzi. Ndidzamaliza dzuwa lisanatenthe."